A Saidi Akana Kugwa

Pa Magaleta panalibe munthu wosadziwa golosale ya a Saidi Mkwanda. M'katimo munkanunkhira sopo, usipa wouma ndi parafini, zonse pamodzi, ndipo kuseri kwa kauntala kunkakhala eni akewo, bambo wa thupi lodzaza, ndevu zoduliridwa bwino zowaza imvi, chisoti choyera cha ku mzikiti chili pamutu. Ankayenda ngati munthu wosenza mtsuko wodzaza, msana uli njo, mapazi osathamanga. Anthu ankanena kuti chibwerere kuchokera kwawo ku Machinga, palibe anawaonapo ataterereka, ngakhale m'dzinja pamene misewu ya kuno imasanduka phala. Mbiri imeneyi eni ake ankaidziwa, ndipo ankaisunga ngati dzira.

Pakhonde pa golosaleyo mkazi wawo, mayi Hawa, ankagulitsa kaunjika. Kale mayiwa anali munthu wa nthabwala. Akaseka, ngakhale a kuchigayo ankatembenuka. Koma mwana wawo mmodzi yekhayo, Ruweida, atakwatiwa n'kupita ku Mangochi, nyumba inawakulira. Anayamba kumangokhala pampando tsiku lonse, dzanja lili patsaya, miyendo ikutupa. Kuchipatala anawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, ndipo kuwonjezera pa mankhwala ayenera kumayendayenda kuti thupi lilimbe. Iwo anangoyankha kuti, "Ndiziyenda kulondola yani?" A Saidi zimenezi zinkawadya mumtima, koma sanali munthu wodziwa kutulutsa za kukhosi. Ankangowasuzumira pazenera mkazi wawoyo, n'kubwerera kukapima shuga.

Tsiku lina, manachesi atayamba kupsa m'mapiri, belo la nsapato linafika kuchokera ku Limbe. Atalimasula, pansi penipeni anapezamo zachilendo. Zinali nsapato zazitali zophimba akakolo, iliyonse ili ndi timatayala tinayi kunsi kwake. Panali mapeyala angapo, aang'ono ndi aakulu omwe.

"Kodi amenewa anamva kuti ku Neno kulibe njinga?" anatero a Saidi, akuitembenuza imodzi. "Dikirani, amake Ruweida, ndigulule matayalawa. Nsapatoyo payokha ndi yolimba, alimi a mbatatesi agula."

Anali atagwira kale sipanala pamene munthu wina anakuwa kuti, "Bambo, chonde, musagulule!"

Anali Easter Chirambo, mtsikana wa ku Rumphi amene anamutumiza kuno kudzagwira ntchito ya mafizo, yothandiza ofa ziwalo ndi othyoka mafupa kuti matupi awo ayambenso kumvera. Anabwera kudzagula mazira, koma ataona nsapatozo mazirawo anawaiwala. Anatulutsa foni, n'kuwaonetsa kanema. Mwamuna ndi mkazi ankatsetsereka pa bwalo la madzi oundana, atavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi. Ankayenda chammbuyo, kukweza mwendo umodzi, kutambasula manja ngati kakowa, kenako mkaziyo anazungulira pamalo amodzi ngati nguli.

"Zimenezi ndinaphunzirako ndili pasukulu ku Joni," anatero Easter. "Kuno madzi oundana tiwapeza m'firiji mokha, koma zambiri zimathekanso pa matayala ngati awa, bola pakhale simenti yosalala."

Mayi Hawa anali atachotsa dzanja patsaya. "Tabwezeraninso, a nesi," anatero. Ataonera kachiwiri anafunsa motsitsa mawu, "Nanga wa thupi ngati langali?"

"Thupi si nkhani, amayi. Nkhani ili pa mawondo."

Sipanapite nthawi, Easter anapempha shedi ya gulu la alimi, imene imakhala yopanda kanthu mpaka feteleza atabwera mvula ikayandikira. Pansi pake panali posalala ngati mbale. Mayi Hawa anapereka nsapato zija, kupatula peyala imodzi yaikulu imene inasowa phazi loikwana. Imeneyo inaponyedwa m'chipinda chosungiramo katundu kuseri kwa golosale. Loweruka masana anthu anasonkhana. Panali atsikana angapo a ku sekondale, mphunzitsi mmodzi, mayi Enelesi ogulitsa mandasi amene anali mnzawo wa mayi Hawa, ndi mayi Hawa omwe, atavala buluku m'kati mwa diresi lawo lalitali, mpango atamanga zolimba. A Saidi anawaperekeza, n'kuima pakhomo pamodzi ndi mnzawo wa bawo, a Kalisto oyendetsa kabaza wa njinga yamoto.

Onse atavala nsapato n'kuima atagwira khoma, miyendo ikunjenjemera ngati ya mwana wa ng'ombe wobadwa kumene, Easter anaomba m'manja.

"Phunziro loyamba," anatero, "ndi kugwa."

Shedi yonse inaseka.

"Sindikuseka. Pa matayala palibe amene sagwa, ngakhale aja munawaona pafoni. Kusiyana kwake n'kwakuti wina amagwa n'kudzuka, wina amagwa n'kunyamulidwa. Mukamva kuti zavuta, musalimbane nazo. Pindani mawondo, tsikani ngati mukufuna kukhala pakampando, mugwere cham'mbali, pantchafu. Dzanja musalitumize kutsogolo kukalandira simenti, simenti sidziwa moni. Taonani."

Anadzigwetsa yekha mofewa ngati nsalu yogwa pachingwe, kenako anagwada, n'kuponda phazi limodzi, manja onse ali pabondo, n'kudzuka. Mmodzimmodzi anayamba kuyesa. Itafika nthawi ya mayi Hawa, anatsika pang'onopang'ono, matayala anawathawa, iwo pansi phii! Anakhala pansipo maso ali tong'o, kenako anaphulika kuseka. Kunali kuseka kuja kwa kale, kochokera pansi pa mimba, kumene a Saidi anali asanakumve chichokere Ruweida. Bamboyo anamva kanthu kakusungunuka pachifuwa, koma nkhope anaisunga ili gwa.

"Bambo Mkwanda," anaitana Easter, "ija yaikulu ija ikhoza kukukwanani inu. Bwanji mudzabwere nayo Loweruka likubwerali?"

"Ine?" A Saidi anakonza chisoti chawo. "Ndidzigwetse dala pansi, pamaso pa anthu amene mawa adzabwera kudzagula mchere kwa ine? Ayi, mwanawe. Ena tinabadwa kuti tiziima."

Masabata anatsatizana. Ophunzira aja atadziwa kugwa ndi kudzuka, Easter anawaphunzitsa kuima zidendene zitagundana, zala zitayang'ana kunja, n'kumaponda timasitepe ting'onoting'ono ngati abakha. Kenako anaphunzira kukankha ndi phazi limodzi n'kutsetsereka, kutsegula miyendo ndi kuitsekanso mpaka matayala ajambule chinthu chonga ndimu pasimenti, ndiponso kukoka phazi limodzi kumbuyo kuti aime. Tsiku lililonse mawu ake anali omwewo: mawondo opinda, maso kutsogolo, manja m'mbali. Mayi Hawa poyamba ankayenda akukankha mpando wa pulasitiki. Atsikana a ku sekondale anawasiya kutali, koma iwo sanadandaule. Mpandowo anadzausiya, n'kumagwira dzanja la mayi Enelesi, kenako dzanjalo analisiyanso. Ankabwera kunyumba ntchafu zili ndi mabala obiriwira, thukuta lili kamukamu, pakamwa posatseka. Miyendo inasiya kutupa. Anayambanso kuimba akamatsuka mbale.

"Lero ndatsetsereka ndi mwendo umodzi, bambo a Ruweida," ankatero pa chakudya. "Pang'ono pokha, koma ndinamva ngati mphepo yandinyamula."

"Mphepo ya kuno yakula mphamvu," ankayankha a Saidi, osadzutsa mutu, koma ndevu zikugwedezeka ndi kumwetulira kobisa.

Mphepo ya Julaye itayamba kuzizira m'mafupa, Easter analengeza kuti shedi isanabwezedwe kwa eni ake, pakhale tsiku loonetsa anthu zimene aphunzira. Pamapeto pake ophunzira adzayenda awiriawiri, atagwirana manja, nyimbo ikuimba. Madzulo a tsikulo mayi Hawa anadikira kuti amuna awo amalize kumwa tiyi.

"Ine andipatsa Enelesi," anatero. "Ndi mnzanga, sindikukana. Koma ndikanakonda ndikanagwira dzanja lanu."

"Zimenezo n'za ana, amake Ruweida."

"Ndiye kuti ine ndine mwana?"

"Inu ndinu mayi. Mayi akagwa anthu amamumvera chisoni. Bambo akagwa amakambidwa pa bawo mpaka chaka chitatha."

Mayi Hawa anaimirira. Anatola makapu n'kupita kukhitchini. Koma mawu awo anatsala patebulopo, ndipo a Saidi anagona nawo, kudzuka nawo. Pa zaka zonse za ukwati wawo, mkazi wawoyo sanawapemphepo chitenje chodula kapena ulendo wa ku tauni. Lero wapempha dzanja. Bamboyo anatsimikiza mumtima kuti dzanjalo adzalipereka. Chokhacho, anatsimikizanso kuti palibe munthu adzawaone akuphunzira.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse mayi Hawa akangonyamuka kupita kushedi, a Saidi ankatseka golosale ngati apita kokapuma, n'kulowa m'chipinda cha katundu chija. Ankavala nsapato zazikulu zija atakhala pa thumba la mpunga, n'kudzuka atagwira mashelefu. Chipindacho chinali chopanikizika. Akakankha kuchoka pa matumba a mpunga, asanaganize n'komwe zogwa anali atafika kale pa matumba a shuga, n'kuwakumbatira. Ankabwerera chimodzimodzi. Msana unali njo, mawondo owuma ngati mitengo ya bulugamu, monga momwe ankayendera moyo wawo wonse. Ndipo chifukwa nthawi zonse panali thumba lowalandira, sanagwepo ngakhale kamodzi. Mtima wawo unayamba kutupa.

Tsiku lina a Kalisto, atagogoda kutsogolo osayankhidwa, anazungulira kuseri n'kuwapeza atakumbatira thumba la shuga.

"Aa! Achimwene! Kodi kutseka golosale kuja n'chifukwa cha zimenezi?"

"Tsekani chitseko, a Kalisto. Ndipo pakamwa panuponso mutseke."

A Kalisto anakhala pa kreti, n'kuonerera mnzawoyo akupita uku ndi uku. Kenako anapukusa mutu. "Ine za matayala a kuphazi sindizidziwa, koma za matayala ndimazidziwa. Njinga ukamaiphunzira, choyamba umafunsa pali buleki. Inu buleki yanu ndi shuga. Kushedi kuja kuli shuga?"

"Ndikafika kumeneko ndikaona."

"Pitani kwa nesi uja, akuonetseni. Ngati mukuopa maso a anthu, mupempheni abwere kuno pa nokha. Kapena funsani alamu, amadziwatu tsopano."

"Ndifunse mkazi wanga kuti andiphunzitse kuyenda? Kapena mwana woti ndi msinkhu wa Ruweida azindiuza kuti gwani, dzukani? Iwo aja anayamba ndi kugwa chifukwa ndi ogwa. Ine mwandiona ndagwa?"

"Sindinakuoneni," anavomera a Kalisto. "N'chimene chikundiopsa."

Tsiku lija linafika. Shedi inadzaza, ena anakwera m'mazenera, ena anasenza ana pamapewa. Atsikana a ku sekondale anayenda chammbuyo, anthu n'kumaimba mluzu. Mphunzitsi uja anagwa, n'kudzuka msangamsanga, n'kuweramira anthu ngati kuti kugwako kunali m'gulu la masewero, ndipo anthuwo anamuombera m'manja. Kenako kunalowa mayi Hawa. Anatsetsereka modekha mpaka pakati, mpango ukuuluka pang'ono kumbuyo, anakweza phazi limodzi, manja atatambasula. Atatsitsa phazilo anapinda mawondo, n'kukokera manja pachifuwa, n'kuzungulira pamalo amodzi. Sikunali kuzungulira kwa nguli ngati kwa pafoni kuja, kunali kwa mayi wa zaka zake amene wakhetsera thukuta chinthu, koma amayi a pamsika analulutira mpaka malata ananjenjemera.

Nyimbo ya awiriawiri itayamba, mayi Enelesi akukonzeka kulowa, anthu a pakhomo anapatuka. Panatulukira a Saidi Mkwanda, atavala mkanjo woyera wa pa Idi, nsapato za matayala zili kuphazi, dzanja limodzi lili paphewa la a Kalisto amene nkhope yawo inali ngati ya munthu woperekeza maliro. Maso onse anatembenukira kwa iwo. Mayi Hawa anagwira pakamwa.

"Bambo, dikirani kaye!" anakuwa Easter, akuyamba kutsetsereka kulunjika komweko.

Koma a Saidi anali atakankha kale khoma ndi mphamvu zonse. Poyamba zinaoneka zokongola. Anadutsa anthu ali chiimire, mkanjo ukupepheruka, dzanja atalitambasulira mkazi wawo. Kenako anazindikira kuti akuthamanga kuposa mmene anathamangirapo, ndipo kutsogolo kulibe thumba. Anafuna kuima, koma sankadziwa kuti kuima kumachokera pati. Anauma thupi lonse, n'kupendekera kumbuyo. Mapazi anathawira kutsogolo, manja anayamba kupalasa mphepo. Pofuna pogwira, anakola mkono wa mayi Hawa n'kuwakoka.

Anagwa onse awiri. Mayi Hawa, thupi lawo litazolowera kale, anapinda mawondo n'kugwera pantchafu, manja atafumbata pachifuwa. A Saidi anagwa chagada ngati mtengo wodulidwa, dzanja lamanja atalitumiza kumbuyo kukalandira simenti. Panamveka kuti thyo! Chisoti chinagubuduka mpaka kumapazi a ana.

Anthu anayamba aseka, monga amachitira anthu. Koma ataona kuti mayi Hawa adzuka kale pomwe amuna awo akadali pansi, nkhope itachita phulusa, dzanja litapindika mosakhala bwino, kuseka kuja kunazima. Easter anagwada, anagwira dzanjalo mosamala, n'kupempha katoni ndi mpango kuti alimange. Mayi Hawa anavula nsapato za amuna awo ndi manja awo. Chionetsero chinathera pomwepo.

Kuchipatala cha ku boma anajambula dzanjalo, n'kupeza kuti fupa lathyoka pafupi ndi chikhatho. Analiika chikhakha kuyambira m'zala mpaka pachigongono.

Ululu wa fupa unali waung'ono poyerekeza ndi umene unali mumtima. A Saidi atabwerera kunyumba anadzitsekera. Kugolosale sankapita, pa bawo sankaoneka, ndipo ngakhale Lachisanu ankapita ku mzikiti podzera njira ya kuseri kwa chigayo. Akamva ana akuseka panja ankaganiza kuti akuseka iwo. Ntchito yonse inagwera mayi Hawa: kutsegula golosale, kupima shuga, kuyang'anira kaunjika, kenako kuthamangira kunyumba kukaphika. Dzanja lodyera ndi lomwe linali m'chikhakha, choncho ankawatemera nsima amuna awo n'kuwapatsa pakamwa ngati mwana. Nthawi ya swala, mapemphero a Chisilamu, ikakwana ankawathirira madzi, kuwasambitsa kumaso ndi mapazi, n'kuwakonzera mkeka. Kushedi anasiya kupita. Mayi Enelesi akabwera kudzawatenga ankangoti, "Pitani, anzanga, ine ndili ndi wodwala." Pang'ono ndi pang'ono nyimbo za pa mbale zinatha, ndipo tsiku lina a Saidi anaona mkazi wawo atakhala pakhonde la kuseri akusisita akakolo amene anali atayambanso kutupa.

Chimenecho chinawapweteka kuposa simenti.

"Amake Ruweida," anaitana, mawu ali pansi. "Bwanji simukupita kwa anzanu?"

"Ndikusiyireni ndani?"

"Ndakulandani chinthu chanu."

Mayi Hawa anasiya kusisita akakolo aja. "A Kalisto anandiuza za m'chipinda cha katundu," anatero. "Masabata onse aja, inu nokhanokha ndi matumba a shuga. Munkachitira chiyani?"

A Saidi anayang'ana chikhakha chawo. "Munapempha dzanja."

"Ndinapempha dzanja, inde. Ndiye mwalithyola lomwelo." Anayesa kukwiya, koma milomo inawakanika, ndipo anaseka misozi ikutsika. Anasendera pafupi, n'kuika chikhakhacho pamiyendo pawo. "Bambo a Ruweida, ine sindinkafuna katswiri. Ndinkafuna kuti muzigwa pafupi nane, tizisekana, tizidzutsana. Mukuganiza kuti ine manyazi ndinalibe? Tsiku loyamba lija ndinkafuna nthaka inditsegukire. Koma ndinagwa, anthu anaseka, inenso ndinaseka, basi zinathera pomwepo. Inu anthu anakusekani tsiku limodzi, ndipo anasiya ataona kuti mwapweteka. Amene akukusekanibe mpaka lero ndi inu nokha."

M'mawa mwake a Saidi anatsegula okha golosale ndi dzanja lamanzere. Kasitomala woyamba anali gogo wina wofuna machesi, amene anangofunsa kuti, "Dzanja likupeza bwanji, bambo?" n'kumapita. Wachiwiri anachita chimodzimodzi. Pofika masana bamboyo anazindikira kuti anthu a pa Magaleta anali ndi zawo zoganiza, mitengo ya feteleza ndi ana odwala, ndipo kugwa kwa a Saidi sikunali mtolo umene wina aliyense anausenza, kupatula iwo eni. Loweruka lotsatira anawathamangitsa okha mayi Hawa kuti apite kushedi.

Chikhakha chitachotsedwa, dzanja linatuluka lowonda, lotuwa, zala zosafuna kupinda. Adokotala anawalembera mafizo, ndipo wa mafizo pa dera lonselo anali mmodzi. A Saidi analowa m'chipinda cha Easter maso ali pansi, akudikira mawu aja akuti ndinakuuzani. Mawuwo sanabwere. Mtsikanayo anawapatsa moni mwaulemu, n'kuwapatsa kampira kofewa kuti azifinya, n'kumawapinda dzanja pang'onopang'ono, akufunsa za mitengo ya mafuta ophikira. A Saidi anapitako kangapo. Tsiku lina, ali m'kati mofinya kampira kaja, anakhosomola.

"Mwanangu," anatero, "phunziro loyamba lija, kodi likadalipo?"

Easter sanamwetulire n'komwe, kuopa kuwathawitsa. "Lilipo, bambo. Koma shedi alowetsamo feteleza sabata ino. Tidikira mvula ithe. Dzanjanso lipezeretu mphamvu."

Choncho a Saidi anadikira dzinja lonse, iwo amene sanafune kudikira Loweruka limodzi. Chimanga chinamera, chinakula, chinauma. Manachesi atayambanso kupsa, shedi inatsegulidwa, ndipo pa mzere wa oyamba kumene panaima ana asukulu atsopano, mayi wina wa kuchigayo, ndi a Saidi Mkwanda, atavala buluku lakale la kumunda, dzanja lamanja atalimanga bandeji. Pakhomo panadzaza anthu kuposa masiku onse, ndipo a Kalisto anali patsogolo.

"Amayi," anatero Easter kwa mayi Hawa, "wophunzira uyu ndakupatsani inu."

Mayi Hawa anatsetsereka n'kudzaima pamaso pa amuna awo, manja ali m'chiuno. "Pindani mawondo."

A Saidi anapinda pang'ono.

"Amenewo si mawondo opinda, bambo a Ruweida. Tsikani ngati mukufuna kukhala pa thumba la mpunga. Eya. Manja pachifuwa. Tsopano igwani."

Bamboyo anayang'ana khamu lija pakhomo, anayang'ana mkazi wawo, n'kupuma mozama. Kenako anadzisiya. Anagwera pantchafu, phii, fumbi pang'ono n'kudzuka. Anakhala pansipo akudikira ululu, koma ululu sunabwere. Chimene chinabwera ndi mawu a a Kalisto akukuwa kuti, "Wagwa mkulu!" ndipo shedi yonse inaseka ndi kuomba m'manja. A Saidi anadzimva okha akuseka nawo, mapewa akugwedezeka, mpaka anachita kupukuta m'maso.

"Basi?" anafunsa. "N'zomwezi?"

"N'zomwezo," anatero mayi Hawa. "Tsopano gwadani, phazi limodzi kutsogolo, manja pabondo. Dzukani. Mugwenso."

Tsiku limenelo anagwa mpaka buluku linasintha mtundu. Masabata otsatira anayenda ngati bakha pakati pa ana, anakankha mpando wa pulasitiki womwe uja, anaphunzira kukoka phazi kumbuyo kuti aime. Ukatswiri sanaufikepo. Kuzungulira ngati nguli anakusiyira mkazi wawo, ndipo mpaka lero kukazizira dzanja lija limawakumbutsa za simenti. Koma dzuwa la Ogasiti lisanayambe kutentha, Loweruka lina anthu anaona banja la a Mkwanda likuzungulira shedi pang'onopang'ono, atagwirana manja, bambo atapinda mawondo ngati wofuna kukhala pansi, mayi akuwanong'oneza kuti maso kutsogolo. Mayi Enelesi anajambula pafoni n'kutumiza ku Mangochi. Ruweida anaimba foni nthawi yomweyo, koma palibe anamva chimene ankanena, chifukwa ankangoseka ndi kulira.

Zimene akanaphunzira masana amodzi, ntchafu itangochita kabala kobiriwira, a Saidi anazigula ndi fupa, chaka chathunthu, ndi masabata amene mkazi wawo anasiya chinthu chimene chinawabwezera kuseka. Mwayi wawo unali wakuti anatuluka m'chipinda chija mpweya ukadalipo, ndipo panja anapeza dzanja likuwadikirabe. Si onse amatuluka. Akuluakulu anaziona kale zimenezi pamene ananena kuti mbewa ya manyazi idafera ku una.